Mafunso pa Chichewa: mawu olembera za kafukufuku wa sitiroko

Mafunso anayi omwe ndikuyankha pano achokera kwa anthu amene ntchito yawo imawafuna kuti afotokoze m'Chichewa zomwe akatswiri a sayansi akupeza zokhudza sitiroko. Ndawayankha pamodzi chifukwa onse akukhudza vuto limodzi, lakuti liwu limodzi la tsiku ndi tsiku likhoza kuphimba zinthu ziwiri zimene madokotala amazisiyanitsa kwambiri.

Wophunzira unamwino wa ku Zomba akufunsa kuti: "Kodi tizilemba kuti 'sitiroko' kapena 'kufa ziwalo'? Ena amati loyambalo si Chichewa."

Mawu onse awiri ndi a Chichewa cha lero, koma satchula chinthu chimodzi. Kufa ziwalo ndi zimene maso athu akuona, pamene dzanja lalendewera, mwendo ukukokedwa poyenda, ndipo pakamwa papindikira mbali imodzi. Munthu akhoza kufa ziwalo chifukwa cha poliyo kapena kuvulala msana pangozi, pomwe wina akhoza kudwala sitiroko ziwalo zake zonse zili bwino, iye n'kungolephera kulankhula kapena kuona mbali imodzi. Choncho polemba za chimene chachitika mu ubongo gwiritsani ntchito liwu lakuti sitiroko, lomwe linalowa kale m'gulu la mayina la I-Zi, n'chifukwa chake timati sitiroko yoopsa, sitiroko iyi, kapena sitiroko yachiwiri.

Chofunika kwambiri n'chakuti musaleke pa liwu limodzilo, pakuti sitiroko ili m'mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo Chichewa chili ndi aneni oyenera mtundu uliwonse. Pali sitiroko ya kutsekeka kwa mtsempha wa magazi, yomwe imachitika magazi oundana akatseka njira, ndiye pali ya kuphulika kwa mtsempha, pamene magazi akhuthukira mu ubongo kapena mozungulira ubongowo. Pa dziko lonse, mwa anthu 100 alionse amene anadwala sitiroko mu 2019, pafupifupi 62 inali ya kutsekeka, koma kuno ku Africa ya kuphulika imapezeka kwambiri kuposa ku Ulaya. Zindikiraninso kuti ndikulemba mawu athunthu akuti mtsempha wa magazi. Liwu lakuti mtsempha palokha timatchulira njira za magazi, njira zotumiza uthenga kuchokera ku ubongo, ngakhalenso zolimba zija zimene timavutika kutafuna mu nyama, ndipo m'nkhani ya sitiroko ziwiri zoyambazo zimapezeka m'chiganizo chimodzi kawirikawiri.

Womasulira mapepala a kafukufuku ku Blantyre akufunsa kuti: "Ndakumana ndi liwu lakuti 'biomarker' ndipo ndalemba kuti 'chizindikiro', koma ndikuona kuti likusokonekera ndi zizindikiro za matenda. Komanso ndilembe kuti 'kuyeza' kapena 'kuyesa'?"

Nkhawa yanu ndi yoyenera. Wowerenga akamva kuti zizindikiro za sitiroko amaganiza za nkhope yopindika, dzanja lofooka ndi mawu osamveka, zomwe achibale amaziona pakhomo. Chimene akatswiri akutanthauza ndi chinthu china, chomwe sichioneka mpaka makina atachiyeza n'kupereka nambala. Ine ndingalembe kuti chizindikiro choyezeka, mosiyanitsa ndi chizindikiro chooneka, pakuti kamphatikiri ka -ek- kamatiuza kuti chinthucho n'chotheka kuchiyeza. Ngati pepala lanu likunena za magazi okha, mawu akuti chizindikiro cha m'magazi ndi osavuta ndipo agogo akumudzi awamva msanga.

Chifukwa chake akatswiri akufunafuna zizindikiro zoterezi n'choyenera kuchidziwa musanamasulire. Munthu akadwala mtima mwadzidzidzi, madokotala amayeza puloteni yotchedwa troponin m'magazi n'kudziwa ngati mtima wawonongeka, koma sitiroko ilibe kayezedwe ka magazi kodalirika chotero, moti chomwe chimasiyanitsa kutsekeka ndi kuphulika ndi makina ojambula mutu a CT kapena MRI, omwe sapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma. Puloteni ina yotchedwa GFAP, yomwe imakhala m'maselo othandizira a mu ubongo, imakwera m'magazi mwamsanga mtsempha ukaphulika, koma imachedwa kukwera mtsempha ukangotsekeka, ndipo kusiyana kwa nthawi kumeneku ndiko kukupatsa akatswiri chiyembekezo. Ina yotchedwa neurofilament light imakwera pang'onopang'ono kwa masiku ndi masabata, motero imathandiza kudziwa kukula kwa dera lowonongeka osati kusankha chithandizo cha m'maola oyamba.

Pa funso lanu lachiwiri, aneni awiriwa ndi osiyana ngakhale ambiri amawasakaniza polemba. Timayeza chinthu kuti tidziwe kuchuluka, kutalika kapena kulemera kwake, monga kuyeza ufa, nsalu ndi magazi, ndipo wodwala amene wapita kuti ena amuchitire zimenezi amati wakayezetsa. Timayesa chinthu kuti tione ngati chingatheke kapena chingagwire ntchito, ndipo m'mneni ameneyu ndimo munachokera mayeso ndi mayesero. Choncho akatswiri amayeza GFAP m'magazi, koma amayesa mankhwala atsopano. Pa pepala lopempha chilolezo cha wodwala kusiyanaku n'kwakukulu, chifukwa munthu amene wavomera kuti amuyeze magazi sanavomere kuti pa iye ayeserepo mankhwala.

Mphunzitsi wa sayansi ku sekondale akufunsa kuti: "Pofotokoza mmene maselo a ubongo amafera, ndimati 'mankhwala otchedwa glutamate'. Ana amaganiza kuti ndi mapiritsi. Ndinene bwanji?"

Ana anuwo sakulakwitsa, Aphunzitsi. Liwu lakuti mankhwala limasenza katundu wambiri, pakuti ndi la mapiritsi a kuchipatala, la zopopera m'munda, la mizu ya asing'anga, ngakhalenso la zimene anthu amati munthu wakhwimira. Pa zonsezi pali chinthu chimodzi chofanana, chakuti mankhwala amachokera kunja kwa thupi ndipo pali munthu amene wawapereka. Glutamate ndi wosiyana, chifukwa ubongo umadzipangira wokha n'kumagwiritsa ntchito potumiza uthenga kuchokera ku selo lina kupita ku linzake. Mukamutcha mankhwala m'nkhani ya matenda amene amagwera munthu mwadzidzidzi, ndipo ambiri amawaganizira ufiti, mwatsegula khomo la maganizo omwe simunafune. Nenani kuti kemikolo ya m'thupi yotchedwa glutamate, ndipo sodium, potassium ndi calcium muzitchule kuti michere. Njira yoika dzina la Chichewa patsogolo imathetsanso vuto la agwirizanitsi, popeza chiganizo chonse chimatsata dzina lomwe gulu lake tikulidziwa.

Tiyeni tiyese kufotokoza nkhani yonse ndi mawu amenewa. Ubongo umalemera magawo awiri okha mwa magawo 100 a thupi, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 mwa 100 a mpweya wa okosijeni umene thupi limalandira, ndipo susunga chakudya chokwanira. Magazi akaleka kufika, maselo amasowa okosijeni ndi shuga, kenaka kemikolo yosunga mphamvu yotchedwa ATP imatha m'mphindi zochepa. Timapampu ta pakhungu la selo, tomwe nthawi zonse timatulutsa mchere wa sodium n'kulowetsa wa potassium, timaima chifukwa chosowa mphamvu, ndipo maselo amayamba kukhuthula kemikolo ya glutamate mopitirira muyezo. Kemikoloyi imatsegula timakomo totchedwa NMDA pa maselo oyandikana nawo, mchere wa calcium umalowa wambiri, n'kudzutsa mapuloteni amene amagaya selo kuchokera m'kati. John Olney wa ku St. Louis ku America anasonyeza mu 1969 kuti glutamate wochuluka amawononga ubongo wa mbewa zakhanda, ndipo kuchokera pamenepo kunadziwika kuti chinthu chothandiza ubongo chikhoza kuupha chikachuluka.

Maselo onse safa nthawi imodzi. Mu 1981 Astrup, Siesjö ndi Symon anafotokoza za dera lozungulira malo amene afa, lomwe limalandirabe magazi pang'ono kudzera m'timitsempha tapambali, ndipo analitcha penumbra. Pofotokozera ana, kumbukirani munda wa chimanga pa nthawi ya ng'amba, pamene china chauma ndipo sichingadzukenso, koma china changofota ndipo mvula ikagwa msanga chidzuka. Aneni akuti kuuma ndi kufota akunyamula kusiyana konse, motero mukhoza kulemba kuti maselo akufa ndi maselo ofota, kapena kutchula derali kuti dera lomwe lingapulumuke. Jeffrey Saver anawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo otumiza uthenga pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse yomwe wodwala sanalandire chithandizo.

Mtolankhani wa pa wailesi ina akufunsa kuti: "Ndinalemba mutu wakuti 'Akatswiri apeza mankhwala ochiza sitiroko' ndipo dokotala wina anadandaula. Chalakwika n'chiyani? Nanga mawu akuti 'mankhwala osungunula magazi' ali bwino?"

Chalakwika chili pa aneni awiri, kupeza ndi kuchiza, omwe onse amauza womvera kuti ntchito yatha. Mbiri ya kafukufuku ameneyu imatiphunzitsa kusamala. Mu 2006 gulu la akatswiri linawerenga njira 1,026 zochizira sitiroko zomwe zinali zitayesedwa mpaka nthawi imeneyo, zambiri pa nyama, ndipo zomwe zinadzathandiza anthu zinali zowerengeka ndi zala. Mankhwala otchedwa NXY-059, omwe cholinga chake chinali kugwira tizidutswa towononga ta okosijeni, anaoneka ngati akuthandiza pa kafukufuku wa 2006, koma atayesedwa pa odwala oposa 3,000 zotsatira za 2007 zinasonyeza kuti sathandiza. Mankhwala a nerinetide, omwe anapangidwa kuti adule unyolo wa kuwonongeka umene umayambira pa timakomo ta NMDA, sanathandize odwala onse pamodzi pa kafukufuku wa 2020, ngakhale panali chiyembekezo pa odwala amene sanalandire mankhwala osungunula magazi oundana otchedwa alteplase, ndipo kafukufuku wotsatira sanatsimikize chiyembekezocho.

Chichewa chili ndi njira yonenera zinthu zoterezi mosanama. Kamphatikiri ka -nga- ndi mneni wakuti kukhoza zimasiya mpata wokayika, motero pali kusiyana pakati pa kunena kuti mankhwalawa amachiza, mankhwalawa angathandize, ndi mankhwalawa akuyesedwa. Mutu wanu ukanakhala wakuti "Akatswiri akuyesa mankhwala amene angateteze ubongo pa sitiroko", ndipo m'nkhaniyo mukananena ngati ayesedwa pa mbewa kapena pa anthu. Ndikulimbikira pa mfundoyi chifukwa banja lomwe lili ndi wodwala pakhonde likamva pa wailesi kuti mankhwala apezeka, limagulitsa mbuzi n'kuyamba kuwafunafuna, ndipo ogulitsa zachinyengo sasowa. Muzisamalanso chimodzimodzi ndi mneni wakuti kuyambitsa. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti kuthamanga kwa magazi ndi kachilombo ka HIV ndizo zinkachulukitsa kwambiri chiopsezo cha sitiroko mwa akuluakulu, ndipo mawu oyenera pamenepo ndi akuti zimachulukitsa chiopsezo, pakuti si aliyense wa BP kapena wa kachilombo amene adzadwale.

Mawu akuti mankhwala osungunula magazi ndi ofala, koma akuphimba magulu awiri osiyana. Kusungunula ndiko kubweza chinthu cholimba kuti chikhale chamadzi, ndipo mankhwala amene amachitadi zimenezi pa magazi oundana ndi alteplase, omwe anavomerezedwa ku America mu 1996 kuti aziperekedwa pasanathe maola atatu, kenaka kafukufuku wa ku Ulaya wa 2008 anasonyeza kuti amathandiza mpaka maola anayi ndi theka. Amagwira ntchito podzutsa puloteni ya m'magazi yomwe imadula ulusi womanga magazi oundanawo. Anzake a tenecteplase amachita zomwezo, koma amabayidwa kamodzi m'malo modontheza kwa ola lathunthu. Asipirini ndi warfarin sasungunula magazi amene aundana kale, koma amachepetsa kuundana kwatsopano, motero tiziwatcha mankhwala oletsa magazi kuundana.

Magulu onse awiri akhoza kuwonjezera ngozi ngati sitiroko ili ya kuphulika kwa mtsempha, chifukwa magazi akukhuthuka kale. Choncho mukamalankhula pa wailesi musanene kuti munthu akachita sitiroko amafunika mankhwala osungunula magazi, chifukwa wina adzathamangira kugolosale kukagula asipirini n'kumwetsa wodwala amene mwina sangathenso kumeza bwino. Nenani kuti munthu akapindika pakamwa, akafooka dzanja kapena akalephera kulankhula mwadzidzidzi, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo osamumwetsa chilichonse, ndipo achibale akumbukire nthawi yomaliza imene anamuona ali bwino, popeza madokotala amawerengera maola kuyambira pa nthawi imeneyo.