Kwa mnyamata wa Fomu 3 amene akuti sukulu yamukwana

Mng'ono wanga, funso lako ndaliwerenga kawiri. Wati uli Fomu 3 pa CDSS, umayenda wapansi mtunda wautali tsiku ndi tsiku, malaya a yunifolomu anatha kolala, pomwe anzako awiri amene anasiya sukulu ali ku Joni akuponya zithunzi atatchena. Ndiye wafunsa kuti sukuluyi phindu lake n'chiyani poti ngakhale a madigiri akungokhala.

Zoti a madigiri ena ali pa ulova n'zoona, wina asakunamize, ndipo ine sindikulonjeza kuti udzakhala bwana. Koma zithunzizo usazikhulupirire kwambiri, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zogona anthu asanu m'kachipinda kamodzi, kapena zobisala ukaona galimoto ya polisi chifukwa masiku a m'pasipoti anatha, palibe amene amaziponya pa Facebook.

Nanenso ndinaphunzira pa CDSS, ndipo sukulu inayamba kundilipira ndisanalembe n'komwe MSCE. Ndili Fomu 2, aphunzitsi a Agriculture anabwera m'kalasi ndi thumba la feteleza lopanda kanthu n'kutifunsa tanthauzo la manambala olembedwa pamenepo, 23:21:0+4S. Tonse ziii, chonsecho thumba lotero tinkagonera ngati mphasa. Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti ameneyu ndi wokulitsa, amafunika chimanga chikangomera chifukwa fosifolasi wake amalimbitsa mizu, pomwe yuliya, amene magawo 46 pa 100 aliwonse ndi nayitrojeni, ndi wobereketsa ndipo amabwera pambuyo. Kwathu agogo ankangosakaniza onse awiri m'beseni n'kuthira kamodzi chimanga chitafika m'mawondo. Nditawauza, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe wayamba kulima liti?" Komabe anandipatsa mizere khumi kumalire a munda, uko kunali nsangalabwi, mwina pofuna kuti ndichite manyazi. Ndinamanga mfundo pachingwe, mizere kutalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, feteleza n'kumayeza ndi chitsekerero cha botolo. Pokolola agogo sanandiyamikire, akuluakulu akale aja sankayamikira mwana pamaso. Koma mvula yotsatira itayandikira, ndinangomva akufunsa kuti, "Chingwe chako chija unachiika kuti?"

Masamu nawonso chimodzimodzi. Mayi anga ankafuna kutenga katapila, K10,000 kuti akabweze K15,000 pakutha pa mwezi. Ndinawawerengera pansi ndi kamtengo kuti akangolephera miyezi itatu, chiwongoladzanja n'kumaberekana, ngongoleyo ikhala K33,750. Anagulitsa nkhuku m'malo mwake. Mayeso a MANEB sanandifunsepo zimenezo, koma mbuzi yathu inapulumuka.

Ndiye pali china chimene sungachione panopa chifukwa uli m'kati mwake. Masiku ukuwaona ngati ongodikira kuti moyo udzayambe mtsogolo, moyo wake ndi womwewo. Ine njira ya kusukulu ndinkaitukwana, makamaka mu June mphepo ikamalasa m'makutu, mame atanyowetsa miyendo ya thalauza. Koma lero ndikamakumbuka, ndimakumbuka mbatata yootcha ili m'thumba ikufunditsa manja, kuinyema patatu ndi anzanga pamlatho, kukangana za Maule ndi Manoma mpaka kuiwala kuti belu lalira. Usiku kuwerengera koloboyi, m'mawa m'mphuno muli bii ndi utsi, mlongo wanga n'kumandiseka. Mmodzi mwa anzanga a pamlatho aja anatisiya, wina sindidziwa n'komwe kumene ali. Tsopano ndalama ya mbatata ndili nayo, koma woti ndimunyemere pamlatho palibe.

Uganizirenso za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 inamutulutsa m'kalasi chifukwa makolo ake analephera fizi. Mpando umene iwe ukufuna kuuthawa, iye ankaulirira. Ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale, Chingerezi chake chili chopereweza, n'kumatsatira zithunzi za m'buku la sayansi mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakutha ndi zitsulo zotola kudzala. Anthu amakonda kutchula zoti anakatenga digiri ku Dartmouth, ku America, mu 2014. Ine chimene chimandigwira mtima n'choti babu loyamba linayaka pakhomo pawo pa Wimbe pomwepo, anthu akumunena kuti wapenga, satifiketi alibe.

Watsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka. Joni sathawa, ndipo ukadzafunabe kupita udzapite MSCE ili m'chikwama. Pakali pano sankha maphunziro asanu ndi limodzi amene ukuwakhoza bwino, Chingerezi chikhale m'gulu lomwelo chifukwa popanda icho satifiketi siituluka. Mapointi akadzapanda kukufikitsa ku Bunda kapena ku Mzuni, kuli sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, za magetsi, kuwotcherera, ukalipentala, zomangamanga.

Undiuze ku inbox phunziro limene likukuvuta kwambiri, ndili ndi mapepala a mayeso akale a Biology ndi Masamu ndikujambulire. Za kolalayo, pita nayo kwa telala wa pamsika umuuze aitembenuze, mbali ya m'kati imakhala ikadali yatsopano. Yanga inatembenuzidwa ndili Fomu 3 ndipo ndinalemba nayo mayeso.