Fizi yanga inatuluka mumbiya ya masese

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Area 36. Mayi ake amafulula masese, ndipo mowa womwewo ndi umene wamuphunzitsa mpaka kukoleji. Tsopano wapeza mwamuna womanga naye banja, chinkhoswe chayandikira, koma akuchimuna ndi anthu opemphera kwambiri. Funso lake ndi lakuti: "Ndiwauze amayi asiye kufulula, kapena ndingobisa?"

Achemwali, kalata yanu ndinaiwerengera mu minibasi ya ku Likuni, mpaka ndinapitirira siteji yanga. Mwandikanda pachilonda.

Ine ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi kumudzi, chakumtunda kwa Mitundu. Iwowo ndiye anali katswiri wa masese m'dera lonselo. Ntchito inkayamba ndi chimera. Ankaviika mawere m'madzi, mawa lake n'kuwayala kuseri kwa khitchini, n'kufunditsa masaka onyowa. Pakapita masiku atatu ukavundukula umapeza timizu toyera tatuluka, tapotanapotana ngati ulusi. Akayanika pamphasa, ine ndiye ndinali mlonda wa nkhuku, kamtengo kali m'manja, dzuwa likuswa mtengo. Kenako kuchigayo. Phala ankaphika mumgolo wodula pakati, ndi mthiko wautali kuposa ine. Likazizirako ankathira chimera chija, ndipo tsiku limenelo linali lathu anafe, chifukwa chimene chinali mumgolomo chinali thobwa, lotsekemera mpaka kukhosi. Pambuyo pake ankaliphikanso, n'kuwonjezera chimera, n'kuthira m'mbiya zazikulu zitatu. Kuyambira apo ana tinkaletsedwa kuyandikira.

Chimene sindidzaiwala ndi usiku woti mawa mowa ukupsa. Agogo ankadzuka pakati pa usiku, n'kugwada, n'kutsamiritsa khutu pambiya. Ukakhala chete umamva mowa ukulankhula, tithovu tikuphulika pang'onopang'ono. Akamva bwino ankangoti, "Wadzuka," n'kukagona. Ukasasa, mlandu sunali wa chimera ayi. Ankati wina wotentha wagwira mbiya, chifukwa mwambo unali woti wofulula asagone ndi mwamuna mpaka mowa utapsa. Panopa ndikudziwa kuti mbiya yosatsuka bwino imawononganso mowa, koma zimenezo sindikanayerekeza kuwauza agogo.

M'mawa anthu akasonkhana pansi pa mtengo wa mango, chipanda choyamba ankadonthezako pansi, cha makolo. Chachiwiri ankayamba kumwa okha, anthu akuona, kuti aliyense adziwe kuti mulibe chiphe. Madzulo ndalama ankazimanga pamfundo ya chitenje. Mfundo imeneyo ndi imene inandigulira yunifolomu, makope, ndi sutikesi ya malata yopitira kusekondale.

Ndiye tamverani zimene ndinachita. Kusukulu kuja atatipatsa fomu yofunsa ntchito ya wondilera, ndinalemba kuti mlimi. Si bodza lenileni, munda anali nawo. Koma ndinkadziwa chimene ndikubisa. Tsiku lina anabwera kudzandiona atanyamula botolo la thobwa ndi mtedza wokazinga, chitenje chawo chikununkha utsi, ine n'kuwalandirira kuseri kwa hositelo kuti anzanga asawaone. Pomwepo m'kalasi mwathu munali mnyamata wina amene bambo ake anali ndi botolo sitolo. Iyeyo ankayenda chifuwa chili patsogolo, ndipo tonse tinkamupatsa ulemu ngati mwana wa bizinesimani. Nditayamba ntchito muno mu Lilongwe, Lachisanu lililonse ndinkapezeka ku Bwandilo, girini ili m'manja, ndikuseka nawo nthabwala za "a masese". Agogo anamwalira ndisanawathokoze ndi pakamwa panga.

N'chifukwa chake nkhani yanuyi ikundikwiyitsa, osati inuyo, koma maganizo amene tonse tinamwera. Timati tikudana ndi mowa, koma chimene timanyoza ndi mbiya ndi mayi amene waima pambali pake. Mowa ukavala botolo umasanduka chitukuko. Carlsberg itatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, dziko linanyadira, ndipo mpaka lero timakamba monyada. Mu 2016 kampani ya Castel ya ku France itagula, inali nkhani ya patsamba la zachuma. Palibe amene anati mabwana amenewo abise ntchito yawo pachinkhoswe. Nanga Chibuku n'chiyani? Si masese omwewa atalowa mupaketi? Chimanga, chimera, kuwira, basi. N'chifukwa chake umayamba wakhutchumula usanamwe. Ku Uganda anapanga Eagle Lager ndi mapira, ku Mozambique mu 2011 anatulutsa Impala wa chinangwa, anthu n'kuwomba m'manja kuti ndi nzeru zatsopano, pomwe amayi a ku Burkina Faso akhala akufulula dolo wa mapira kuyambira makedzana, ndipo a ku Ethiopia ali ndi tella wawo.

Kunyoza kumeneku kuli ndi mbiri yake. Ku South Africa mu 1908 anakhazikitsa lamulo lopatsa makhonsolo a ku Natal mphamvu zogulitsa okha mowa wachikuda. Mzinda wa Durban unamanga maholo a mowa, phindu n'kumayendetsera malokeshoni a anthu akuda omwewo, pomwe amayi ofulula kunyumba apolisi ankawaswera mbiya. Mu 1959 amayi a ku Cato Manor, lokeshoni ya ku Durban komweko, anatopa nazo, analowa m'maholo muja ndi ndodo, kuthamangitsa amuna awo omwe ndi kutaya mowa. Vuto la boma lija silinali kuledzera. Linali loti ndalama ya mowa ikulowa pamfundo ya chitenje.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinali zokoma pansi pa mtengo wa mango paja. Ndinaonapo anthu akutemana ndi zikwanje chifukwa cha chipanda chimodzi. Ndinaonapo bambo atamwera thumba la feteleza. Ndipo mukanandiuza kuti amayi anu amatcheza kachasu, ndikanayankha mosiyana. Kachasu ndi nkhani ina, ngakhale dzina lake ndi lobwera, lochokera ku cachaça wa Apwitikizi. Malume anga anayamba ndi masese pa dima, anthu akalima m'munda mwa mnzawo n'kumwa madzulo. Atasamukira ku Chinsapo anagwa m'kachasu, wa mutu weniweni uja woyamba kudontha. Masaya anatupa, milomo inafiira, manja osagwira kapu m'mawa asanamwe. Tinawaika ali ndi zaka zosakwana makumi asanu. Masese amakhutitsa, mimba imakuletsa yokha. Kachasu alibe buleki. N'chimodzimodzi masacheti aja boma linaletsa mu 2015, amene ana asukulu ankabisa m'masokosi. Anangosintha chovala, lero ali m'timabotolo tapulasitiki. Ndipo mowa umene anthu okumwa omwe anautcha "ambuye n'tengeni", mukuganiza kuti ankaseka?

Za kutchalitchi sindilimbana nazo, aliyense ndi chikhulupiriro chake, ndipo amene samwa ndimamulemekeza. Ine ndemwe ndinasiya zaka zingapo zapitazo, shuga itandigwira. Ndingofunsa: pachinkhoswe chanupo sipadzakhala thobwa? Lidzakhalapo, zidebe zodzaza, ndipo apongozi anu adzamwa n'kupempha lina. Lotsalalo likagona masiku atatu lidzakhala chiyani?

Tsono yankho lanu

Musabise. Lilongwe ndi mudzi, ndipo ankhoswe amafufuza. Wina wa akuchimuna ali ndi msuweni ku Area 36 amene anakhalapo pabenchi la amayi anu. Muuzeni bwenzi lanu nokha, sabata ino, mosapepesa: "Amayi anga amafulula masese, ndiwo anandiphunzitsa." Muyang'ane nkhope yake pamene mukunena. Kwa makolo ake akanene yekha, imeneyo ndi ntchito yake.

Za kusiya, musawalamule. Mukhale nawo pansi muwafunse ngati iwowo atopa, chifukwa utsi umawononga maso, nkhuni zakwera mtengo, ndipo zidakwa pakhomo usiku si zabwino kwa munthu wokalamba. Akati inde, muike mpamba patebulo musanatchule mawu oti kusiya. Munthu wodziwa chimera akhoza kupanga thobwa labwino, ndipo lozizira la m'mabotolo limayenda malonda kudepoti nthawi ya Okutobala. Akati ayi, asiyeni, muwagulire mgolo watsopano.

Ndipo patsikulo akhale kutsogolo, osati kukhitchini ndi ophika. Mudzandiitane, ndidzabwera ndi kapu yanga ya thobwa.