Tifunseni: Kugona pa loji ya m'nkhalango ndi kukaonera gule kumudzi

FUNSO

Akonzi, ine ndine mayi wa ku Dowa, koma ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri ndipo ana athu awiri anabadwira konkuno. Chaka chamawa ine ndi bambo a kunyumba tikwanitsa zaka 20 tili pabanja, choncho tikufuna kubwera kwathu ndi kukagona masiku atatu pa loji yaing'ono ya m'nkhalango, mwina ku Ntchisi. Zinthu ziwiri zikundikayikitsa. Choyamba ndi mtengo, pakuti malo ena otere usiku umodzi ukuposa wa hotela yaikulu ya mumzinda. Chachiwiri, akuti amaperekeza alendo kumudzi kukaonera gule wamkulu ndi kuphika nsima. Kodi si manyazi kuti ine Mchewa ndilipire ndalama kuti ndione gule? Nanga eni mudziwo amapindulapo kanthu?

Mayi wa ku Johannesburg

YANKHO

Mayi, mwasankha bwino malo. Nkhalango ya Ntchisi ndi imodzi mwa nkhalango zochepa za m'mapiri zomwe zatsala m'Malawi, zimene mitengo yake siyoyola masamba ngakhale m'chilimwe. Mukalowamo masana mumayenda mumthunzi wa mitengo italiitali yokulungidwa ndi akachere ndi zilambe, kwinaku anchima akudumpha m'nthambi. Akuluakulu a kumeneko amasimba kuti makolo awo ankathawira m'phirimo pa nthawi ya nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800, choncho kwa inu ndi ana anu malowo ali ndi mbiri yokukhudzani. Loji ya m'mphepete mwa nkhalangoyo ili m'nyumba yakale yomwe inamangidwa mu 1914, nthawi ya atsamunda.

Za mtengo sindichulutsa mawu. Loji ya zipinda zowerengeka imafunabe ophika, alonda, ochapa ndi operekeza alendo, ndipo malipiro awo onse amachokera kwa alendo ochepa omwewo. Magetsi kawirikawiri amakhala a sola, madzi amadzipopera okha, ndipo katundu amabwera pa msewu wafumbi womwe umawononga galimoto. Chimene mukugula ndi bata ndi chisamaliro cha anthu amene pofika tsiku lachiwiri amakhala atadziwa dzina lanu ndi momwe mumakondera tiyi. Komabe musalipire musanafunse zinthu ziwiri: ngati pali mtengo wa nzika za Malawi, umene maloji ambiri amakhala nawo ndipo umatsikirapo ndithu, komanso ngati chakudya, woperekeza m'nkhalango ndi ulendo wa kumudzi zili kale mumtengowo kapena nzolipira padera.

Funso lanu lachiwiri ndilo landigwira mtima. Ine sindikuonapo manyazi, chifukwa ngakhale kwanu ku Dowa munthu sapita kubwalo chimanjamanja: gule akavina bwino amasupidwa, oimba ng'oma amapatsidwa kangachepe, ndipo mlendo amayamba waonekera kwa amfumu. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi amene walamula kuti gule atuluke, ndi kumene ndalamayo ikupita. Gule wamkulu ali ndi nthawi zake, monga pamaliro, pachiliza, pachinamwali ndi polonga ufumu, ndipo ali ndi eni ake, omwe ndi mfumu ya mzinda ndi akuluakulu a kudambwe. Bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma kulengezako sikunachotse umwini m'manja mwa eni ake. Ngati amfumu ndi anthu awo avomera okha kuonetsa alendo magule ena, nadziikira okha mtengo, palibe cholakwa. Chimene ine ndimadana nacho ndi kutengera zilombo pakhonde la loji kuti zivinire anthu amene akudya, ngati kuti ndi wailesi yotsegula ndi kutseka pamene wafunira.

Choncho musanatumize ndalama, alembereni eni loji ndi kuwafunsa mosabisa kuti mudzi umene mukapiteko ndi wa mfumu iti, kuti pa ndalama ya ulendowo ndi zingati zimene zimatsala m'mudzimo, ndiponso kuti amalandira ndani, kaya ndi komiti ya mudzi, ovinawo kapena amayi ophika. Funsaninso ngati woperekeza alendo ndi mwana wa m'deralo. Loji yochita zinthu moongoka imayankha mafunso otere mosavuta, ndipo nthawi zambiri imakondwa kuti wina wafunsa. Mukaona kuti akuzungulirazungulira, gonani kumeneko ngati mwakonda nkhalango, koma za kumudzi mukakonze nokha kudzera mwa abale anu.

Mukafika m'mudzimo, kumbukirani zimene munaphunzitsidwa muli mtsikana, ndipo muyambe mwawalangiza ana anu musananyamuke, poti iwo anakulira kwina. Muvale chitenje, mukapereke moni kwa amfumu mwaulemu wake, ndipo musajambule munthu kapena chilombo musanapemphe. Ana asafunse pagulu kuti m'kati mwa chilombomo muli yani, asachikhudze, ndiponso asayende okha kulowera kumanda kapena kudambwe. Adzaona Chadzunda, Maliya, Simoni kapena Kasiyamaliro, ndipo adzafuna kudziwa tanthauzo lake. Ngati ulendo wanu ungalole, apititseni ku Mua m'boma la Dedza, kumene kuli likulu la chikhalidwe la Kungoni lomwe analiyambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976. Nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi nkhope za gule mazanamazana pamodzi ndi mafotokozedwe ake, ndipo kumeneko mwana akhoza kufunsa momasuka zimene sangafunse pabwalo.

Kunena zoona, mbali ya ulendowu imene ndikuganiza kuti idzakhalitsa m'mitima ya ana anu si gule ayi, koma kukhitchini. Mwana amene amangoona ufa uli m'pepala la m'sitolo akagwira munsi, napeta ndi lichero, nayesa kuvundula nsima ndi mthiko mpaka mkono kuwawa, kenaka nadya nsimayo ndi nkhwani wotendera ndi kumwera thobwa, amayamba kumvetsa kumene amayi ake anachokera. Pemphani kuti mukhale nthawi yokwanira ndi amayi ophikawo m'malo mongodutsa, ndipo powathokoza muwapatse m'manja mwawo, kapena mugule mphasa, mbiya ndi uchi zimene akugulitsa popanda kunenerera kwambiri. Maswiti ogawira ana a m'njira asiyeni, chifukwa amaphunzitsa ana kuthamangira galimoto. Ngati muli ndi makope ndi zolembera, kazisiyeni kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya pafupi.

Nyengo yabwino kwa banja ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene msewu uli wouma ndipo anthu atha kukolola, nthawi imenenso miyambo yambiri imachitika m'midzi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuphiriko kumazizira kwambiri usiku, choncho mutenge majuzi. Mukabwera mu Disembala, monga amachitira ambiri a ku Joni, mudzapeza nkhalango ili yobiriwira ndipo bowa ali mbwee, koma mudzafunika galimoto yamphamvu yotha kukwera mtunda wamatope, ndipo muonetsetse kuti mwanyamuka ku Lilongwe m'mawa kuti mukafike kusanade.