Musazikweche ndalama za siliva za agogo anu

Mayi, ndaona zithunzi zimene mwatumiza za ndalama zakale za agogo anu zimene mukufuna kutsuka. Chonde musayandikize phulusa, mandimu kapena mankhwala otsukira mano pa ndalama zimenezo, chifukwa kuda ndi kubiriwira kumene kukuoneka pa zithunzi zanuzo si litsiro ayi, ndipo ine ndinazindikira zimenezi zinthu zitaonongeka kale.

Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo atamwalira tinapeza m'kachitini ka fodya ndalama 7 za ku South Africa zitakulungidwa m'kansalu. Yokongola kuposa zonse inali hafukoloni (ndalama ya masheleni awiri ndi theka) ya 1936 yokhala ndi nkhope ya Mfumu George V, ya nthawi imene ndalama za dzikolo zinkakhala ndi magawo 80 pa 100 a siliva. M'mphepete mwake munali mtundu wabuluu, mkati pang'ono wofiirira, ndipo pakati penipeni panali chikasu chonga cha dzuwa likamalowa. Mitundu imeneyi imabwera yokha siliva akakumana ndi sulufule wa mumpweya, wa mu utsi, wa m'mapepala kapena wa mu labala. Pamwamba pa ndalamayo pamayalana kachikuto kopyapyala kwambiri, ndipo pamene kakukhuthala m'zaka zambiri mtundu umasintha kuchoka ku chikasu, kupita ku kufiirira ndi kubuluu, mpaka kuda bii. Anthu osonkhanitsa ndalama zakale amakafuna kachikuto kameneka, chifukwa ndiko umboni wakuti ndalamayo sinakwechedwepo.

Tsiku limene tinkamanga chiliza cha agogowo ndinalakwitsa poonetsa abale kachitini kaja, kenako ndinapita kukagula simenti yoonjezera. Pobwera ndinapeza mlamu wanga atakhala pakhonde, atayala ndalama zija pa mbale yansima, pambali pali phulusa, mandimu odula pakati ndi waya wotsukira mapoto. Anandilandira akumwetulira, nkunena kuti, "Alamu, taonani mmene zawalira, mumasunga chuma mu uve." Hafukoloni ija inali mbee ngati chivundikiro cha poto watsopano. Nditaipendeketsa padzuwa ndinaona timizere tambirimbiri todutsa pa ndevu za mfumu ija, ndipo buluu yense uja, amene anatenga zaka zoposa 80 kuti akhazikike, anali atasanduka madzi akuda m'mbale. Manja anga ankanjenjemera, koma sindinathe kulankhula chifukwa panali akuluakulu a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe. Chimene chimandiwawa mpaka lero si kusadziwa kwake, pakuti ngakhale ine sindinkadziwa zambiri, koma kuti anatsegula chinthu cha eni ake osapempha, ndipo mpaka pano amauza anthu kuti anandithandiza. Wogula ndalama zakale wina wa ku Johannesburg ataona zithunzi anayankha mwachidule kuti angalipire kulemera kwa siliva kokha.

Musanadandaule kwambiri, yang'anani chaka chimene chili pa ndalama zanuzo. Za ku Britain zinali ndi magawo 92.5 pa 100 a siliva chisanafike chaka cha 1920, kenako theka lokha mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 masheleni awo analibenso siliva, monganso a ku Southern Rhodesia. Masheleni a nthawi ya chitaganya ndi a Malawi a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu si a siliva, ngakhale amaoneka oyera.

Zigwireni m'mphepete mokha, muzichotse mu labala ngati mwazimanga, ndipo muzisunge pouma kutali ndi utsi wa kukhitchini. Komabe pa chithunzi chachiwiri ndikuona madontho obiriwira onga ndere, ndipo amenewo ndi ena: amachokera ku mkuwa wosakanizidwa ndi siliva ukachita chinyezi, kapena ku pulasitiki wofewa, ndipo amadya ndalama. Ndalama ya madonthoyo yokha muiviike m'madzi oyera kapena m'mankhwala otchedwa acetone osasakaniza ndi china, muisiye iume yokha osaipukuta. Ndivomere kuti tiki imodzi (ndalama ya mapeni atatu) imene inapulumuka itagwera pansi pa mpando tsiku lija ndinadzaitsuka ndekha ndi sopo, chifukwa inali yakuda moti chaka sichinkawerengeka, ndipo sindinong'oneza bondo. Kachitini kaja tsopano ndimakasunga m'sutikesi yokhoma, ndipo mlamu wanga akabwera kiyi amakhala m'thumba mwanga.