Funsani za Kompyuta: Malipoti 6 a nkhani imodzi

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndimagwira ntchito ku kampani ina yogula mbewu kwa alimi m'maboma 6 a m'chigawo chapakati. Mwezi ukatha abwana amafuna lipoti la chimanga ndi soya zomwe tagula, boma lililonse palokha. Ndimagwiritsa ntchito Report Builder, pulogalamu ya Microsoft yopangira malipoti, ndiye ndinapanga malipoti 6: la Mchinji, la Dedza, la Kasungu ndi ena. Tikasintha kanthu ndimakonza onsewo, ndipo sabata yatha ndinaiwala la Dowa mpaka ndinadzudzulidwa. Kodi palibe njira yachidule?
Mayi wa ku Lilongwe

YANKHO: Mayi, pepani ndi ntchito yakalavulagaga imeneyi. Njira ilipo, ndipo lipoti limodzi likukwanirani. Chomwe mukufuna chimatchedwa parameter. Ndi mpata umene mumausiya dala mu query (mawu ouza database, mosungira zolembedwa za kampani, zomwe itulutse) kuti wotsegula lipoti asankhe yekha chomwe akufuna kuona.

Mu query yanu muli mzere wonena WHERE boma = 'Mchinji'. Chotsani dzina la bomalo, mulembe WHERE boma = @Boma. Ngati database yanu ndi ya SQL Server, Report Builder ikangoona @ imeneyo imapanga yokha parameter, ndipo kabokosi kamatuluka pamwamba pa lipoti.

Koma kabokosiko musakasiye kuti anthu azilembamo okha. Wina adzalemba Nkhotakota, wina Nkhota Kota, lipoti n'kutuluka lopanda kanthu, iwo n'kumati makina afa. Pangani dataset (gulu la mizere yomwe query imabweretsa) ina yongotenga mayina a maboma ndi SELECT DISTINCT, muilumikize pa Available Values, munthu azingosankha pamndandanda. Abwana akafuna Dedza ndi Ntcheu pamodzi, chongani Allow multiple values, ndipo mu query mulembe IN (@Boma) m'malo mwa = @Boma.

Pa parameter ya masiku ndiye ndikuchondereni musamale, chifukwa ine ndinapsa nazo. Ndikugwira ntchito pamalo ena, ndinalemba BETWEEN @Kuyambira AND @Kufikira, n'kusankha 1 May mpaka 31 May. Lipoti linatuluka looneka bwinobwino, koma mkulu wa kunkhokwe anabwera ndi kabuku kake kokutha m'mbali, akuloza ndi chala matumba amene iye analandira koma mu lipoti langa munalibe. Tinakhala mpaka mdima tikuwerengetsa. Vuto linali lakuti database inkasunga tsiku pamodzi ndi nthawi, ndipo 31 May wopanda nthawi amatanthauza pakati pa usiku, tsikulo likungoyamba kumene. Mlimi aliyense amene anagulitsa mbewu zake tsiku limenelo, kaya m'mawa kaya masana, anasiyidwa kunja. Munthu wosalakwa akanatchedwa wakuba tsiku lija. Chiyambire pamenepo ndimalemba tsiku >= @Kuyambira AND tsiku < DATEADD(day, 1, @Kufikira), ndipo tsiku lomaliza limalowa lathunthu.

Mudzaonanso pamene palembedwa Filters mu dataset, ndipo napo mutha kuikapo parameter. Ine ndimakulangizani kuti muike mu query momwemo. Filters imadikira kuti mizere yonse ya maboma onse ibwere kuchokera ku database, kenako n'kutaya yosafunika, pomwe query imangobweretsa za boma lomwe mwasankha. Mizere ikachuluka kusiyana kwake mudzakuona pa nthawi yodikira.

Malipoti akalewo musawafufute msanga. Tsegulani latsopanoli, musankhe Dowa, muyerekeze manambala ndi a lipoti lakale lokonzedwa, boma ndi boma, mpaka onse 6 agwirizane.