Za chipewa cha laser chomeretsa tsitsi chija

Achimwene mwafunsa ngati chipewa cha laser chokwera mtengo chija ndi chodalirika poti pabokosi alemba kuti FDA cleared, ndiye kuti boma la America lachivomereza. Apa ndi pamene anthu ambiri akupusitsidwa. Ku FDA, bungwe la boma la America loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala, cleared ndi approved sizofanana ayi. Pa mankhwala a dazi, minoxidil anamupanga approve mu 1988, finasteride mu 1997, amenewo anadutsa mmayeso aakulu pa anthu ambiri kusonyeza kuti amagwiradi ntchito. Koma zipangizo za laser izi, kuyambira chipeso cha HairMax chomwe chinaloledwa mu 2007, zimadutsa njira ya 510(k), pamene kampani imangofunika kusonyeza kuti chinthu chake chikufanana ndi china chomwe chili kale pamsika, mayeso ake sakhala okhwima ngati a mankhwala. Ndiye zina mukaona zalembedwa FDA registered zokha, zimenezo ndiye ayi ndithu, kampani inangolembetsa dzina basi.

Sindikunena kuti ndi bodza lenileni, kafukufuku alipo wosonyeza kuti tsitsi limawonjezekako pang'ono kwa amene dazi langoyamba kumene, koma wambiri amalipira ndi eni ake ogulitsawo komanso ndi wa miyezi yochepa, zimenezi zimandiwawa poti munthu akutaya ndalama zambiri chonchi. Pamene dazi lafika powala sipameranso kanthu, ndipo mukasiya kuvala phindu lija limatha.

Musanagule kaonaneni kaye ndi dokotala wa khungu, nthawi zina tsitsi limathothoka chifukwa cha chithokomiro, kuchepa kwa ayironi kapena chipere, ndipo zimenezo laser singachize.