Bwanji ku Beira osangodzala makorali?

Achimwene ena a ku Tete anditumizira imelo, akuti anamva pa wailesi kuti matanthwe a makorali amateteza midzi ya m'mbali mwa nyanja kukabwera namondwe, ndiye akufunsa kuti bwanji boma la Mozambique osangowadzala ku Beira mmalo momangothira ndalama pa makhoma a simenti, poti namondwe Idai anasakaza mzindawu mu March 2019.

Achimwene zomwe munamvazo nzoona ndithu koma anakuuzani theka. Makorali si miyala wamba ayi, ndi tizilombo tamoyo timene timamanga zigoba zawo zomwe za laimu pang'onopang'ono mpaka pamakhala chithanthwe chachitali pansi pa madzi, ndiye funde likamabwera ndi ukali wake limaswekera pompo lisanafike kumtunda. Kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti thanthwe lotere limadya pafupifupi 97 peresenti ya mphamvu ya funde. 97 eti! Khoma la simenti likasweka mumafuna kontrakitala, pomwe ili likakhala lamoyo limadzikonza lokha.

Koma apa mpamene ambiri amasokoneza. Namondwe samangobweretsa mafunde, mphepo yake imakankha nyanja yonse kuti ikwere, ndipo madzi okwerawo thanthwe silingawaletse olo pang'ono, amangodutsa pamwamba basi, komanso akakwera kwambiri thanthwe lija limatsala pansi ndiye mafunde sasweka bwino ngati masiku onse. Chomwe limathandiza ndi kufooketsa mafunde oyenda pamwamba pa madzi osefukirawo, omwe ndi amene amagumula zipupa za nyumba ndikukokolola mchenga. Ndi thandizo lalikulu, koma madzi mnyumba alowabe.

Nde za Beira. Makorali ndi a matama, amafuna madzi ofunda, oyera mbee oti dzuwa lizifika pansi. Ku Beira mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira matope mnyanja chaka chonse, mukawadzala pamenepo angofa. Malo amatope ngati amenewo ndi a mangrove, mitengo yomera m'madzi amchere m'mbali mwa nyanja, ndipo kwa ine ndalama zikanapita kumeneko ndi ku ngalande zotulutsa madzi mtauni. Makorali enieni ali kumpoto ku Cabo Delgado, ku zilumba za Quirimbas, komabe namondwe Kenneth atafika mu April 2019 chilumba cha Ibo chinaphwasuka, chifukwa mphepo yosasula madenga ilibe nazo ntchito zoti pansi pa madzi pali chani.

Omwe anandigometsa ndi a ku Mexico. Chigawo cha Quintana Roo, kuja kuli Cancún, mu 2019 chinagulira thanthwe lawo inshuwalansi mothandizana ndi bungwe la The Nature Conservancy, inde inshuwalansi ngati ya galimoto kkk. Pangano lake losavuta, mphepo ikapyola liwiro lomwe anagwirizana ndalama zituluke, osadikira munthu wodzayendera. Namondwe Delta atawomba mu October 2020 analandira pafupifupi madola 800,000, anthu ophunzitsidwa kale anamira nkumatola zidutswa zothyoka nkuzimatanso ndi simenti zisanafe. Amachita changu chifukwa makorali ena amakula sentimita imodzi yokha pachaka, ndiye ukataya lalikulu wataya zaka zambirimbiri, ndipo nyanja ikatentha ngati mu 1998, 2016 ndi 2024 amayera nkufa okha popanda namondwe aliyense.